Mafunso Anu: Mayi mmodzi, bwanji mwana wina adwala wina ayi?

Funso: Ndinamva kuti mitochondria timatengera kwa amayi okha. Nanga zimatheka bwanji kuti mayi wathanzi abereke mwana wodwala matenda a mitochondria, pomwe mng'ono wa mwanayo ali bwinobwino?

Yankho: Munamva zoona. Mitochondria ndi tizigawo topanga mphamvu m'selo, ndipo tili ndi DNA yaketake ya zilembo 16,569 ndi majini 37. Selo limodzi limasunga makope ambirimbiri a DNA imeneyi, ndipo dzira la mayi limasunga oposa 100,000. Ena amakhala abwino, ena olakwika, kusakanikirana komwe asayansi amati heteroplasmy. Matenda amayamba kuoneka olakwikawo akachuluka kupyola mlingo wina, kawirikawiri pakati pa 60 ndi 90 peresenti.

Nkhani yagona pa mmene mazira amapangikira. Makope ochepa chabe ndi amene amachulukana n'kudzaza dzira lililonse, ngati munthu wotapa mikanda pang'ono m'thumba losakaniza yofiira ndi yoyera. Dzira lina limatapa olakwika ambiri, lina ochepa. Izi amazitcha bottleneck.

Masamu ake ndi awa. Gawo la makope olakwika mwa mayi tilitche p, chiwerengero cha otapidwa tichitche N. Kusiyana kwa ana kumapezeka pochulukitsa p ndi (1 − p), kugawa ndi N, kenako kupeza square root (nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yankho lomwe wapezalo). Tiyerekeze mayi ali ndi 30 peresenti ndipo N ndi 30: 0.3 × 0.7 = 0.21, kugawa ndi 30 tipeza 0.007, square root yake ndi 0.084. Imeneyi ndi 8.4 peresenti, ndipo tikaichulukitsa kawiri n'kuchotsa kapena kuwonjezera pa 30, tipeza kuti ana pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse agwera pakati pa 13 ndi 47 peresenti. N ikatsika kufika pa 10, malirewo amatambasuka, kuyambira 1 mpaka 59 peresenti, ndipo mwana wina amafika pafupi ndi mlingo wodwalitsa.

Masamuwa amasokeretsa akagwiritsidwa ntchito mwachisawawa. N sawerenga ndi maso, amaiyerekeza poyeza amayi ndi ana awo, ndipo imasiyana malinga ndi cholakwikacho. Komanso cholakwika china cha mu DNA imeneyi, chotchedwa m.3243A>G, chimachepa m'magazi munthu akamakula, choncho woyeza magazi okha amapeza p wotsika kuposa weniweni. N'chifukwa chake amayezanso mkodzo kapena mnofu. Banja lomwe likukhudzidwa lisadalire masamu okha, likaonane ndi dokotala wodziwa za majini.

Funso: Kodi "Hava wa mitochondria" ndiye anali mkazi yekhayo padziko?

Yankho: Ayi. Mu 1987, Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anayeza anthu 147 n'kupeza kuti mitochondria yathu tonse inachokera kwa mkazi mmodzi wa ku Africa, yemwe amamutcha Hava ameneyu, zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Akazi ena analipo ambiri. Kungoti mkazi akabereka ana aamuna okhaokha, mzere wake wa mitochondria umathera pomwepo, ngakhale majini ake ena amapitirira mwa zidzukulu.