Tifunseni: Kodi ndalama ya tiyi wathu imathera kuti?

FUNSO

A Mkonzi, ine ndine mlimi wa tiyi kuno ku Thyolo, ndipo munda umene ndimalima anandisiyira ndi malemu bambo anga. Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anatibweretsera kabokosi ka tiyi wa m'timatumba, ndipo pambali pake panalembedwa kuti wina mwa tiyiyo ndi wochokera ku Malawi. Atandiuza mtengo wake, ndinayerekeza ndi zimene ndimalandira pa kilogalamu ya masamba pasikelo, ndipo mutu unaima. Kodi ndalama imeneyi imathera kuti? Nanga n'zoona zimene anyamata akunena, zoti tikanakhala ndi makina othyolera masamba ngati ku Kenya bwenzi tikupikisana nawo pamsika?

Mlimi wa tiyi, Thyolo

YANKHO

Bambo, tiyambe ndi masamu a pasikelo, chifukwa mbali ina ya kusiyanako ili pomwepo. Masamba amene mumathyola m'mamawa mame asanakamuke ndi odzaza madzi, ndipo akafotetsedwa, kudulidwa ndi kuumitsidwa kufakitale, makilogalamu anayi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma. Choncho dengu lija limene limakulemerani kumsana limafika pamsika litapepuka kwambiri. Komabe zimenezi sizikufotokoza nkhani yonse, ndipo kungakhale kukunamizani kukuuzani kuti vuto ndi madzi a m'masamba basi.

Tiyi akachoka kufakitale ya ku Thyolo kapena ku Mulanje amakhala m'matumba akuluakulu opanda dzina limene munthu wogula m'sitolo angalidziwe. Wina amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe, koma wochuluka amapita mwachindunji kwa ogula akunja amene anapangana kale ndi maesiteti. Kuchoka pamenepo amayenda pamsewu kukafika kudoko la Beira, Nacala kapena Durban, ndipo wambiri amathera ku South Africa ndi ku Britain. Kumeneko akatswiri olawa amamusakaniza ndi tiyi wa ku Kenya, India ndi mayiko ena kuti kakomedwe ka bokosi lililonse kakhale kofanana chaka chonse. Wathuyu amamufuna makamaka chifukwa cha mtundu wake, popeza amafiiritsa bwino m'kapu akathiramo mkaka. Tinganene kuti tiyi wathu ali ngati tomato mu ndiwo za ena: amakometsa, koma woyamikiridwa ndi mwini mphika.

Ndalama yaikulu imayambira pamenepo. Pali wosakaniza, pali mwini makina oikira tiyi m'timatumba amene amatulutsa timatumba mazanamazana pa mphindi imodzi, pali wosindikiza bokosi, wotsatsa malonda pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti, komanso mwini sitolo amene amasankha katundu woti aikidwe poonekera. Aliyense mwa awa amadyapo, ndipo amene amadya kwambiri ndi mwini dzina lolembedwa pabokosipo. Mu 2022 kampani ya Unilever inagulitsa gawo lake la tiyi, mmene munali mayina a Lipton ndi PG Tips, kwa kampani ya CVC Capital Partners pa mtengo wa mayuro 4.5 biliyoni. Patangotha zaka ziwiri, mu 2024, eni ake atsopanowo analengeza kuti akugulitsa minda yawo ya ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda kwa kampani ya Browns Investments ya ku Sri Lanka, koma dzina la Lipton sanaligulitse. Anthu amene akudziwa kumene kuli phindu anataya khasu n'kusunga dzina, ndipo ine ndikuona kuti yankho la funso lanu loyamba lagona pamenepa.

Sikuti ntchitoyi tinaiyamba mochedwa. Tiyi anadzalidwa ku Mulanje chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Kenya asanayambe n'komwe, ndipo esiteti ya Satemwa kwanu ku Thyoloko inakhazikitsidwa mu 1923. Ngakhale pa nkhani ya kafukufuku sitili kumbuyo, pakuti bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene lili ku Mimosa m'boma la Mulanje kuyambira mu 1966, linatulutsa mitundu ya tiyi monga PC108 ndi SFS150 imene inadzalidwanso m'mayiko ena. Koma lero Kenya amakolola tiyi woposa makilogalamu 500 miliyoni pachaka, pamene ife timazungulira pa 50 miliyoni kapena kucheperapo. Chifukwa chimodzi n'chachilengedwe: kwawoko mvula imagwa nyengo ziwiri ndipo amathyola chaka chonse, pamene kuno masamba ambiri amabwera pakati pa Disembala ndi Epulo. M'miyezi imeneyi fakitale imagwira ntchito usana ndi usiku, mathirakitala atandandalika pakhomo, koma chilimwe chikafika makina omwewo amangokhala, ngongole yake ikuwerengedwabe.

Chifukwa chachiwiri n'chopangidwa ndi anthu. Ku Kenya alimi ang'onoang'ono oposa theka la miliyoni ali ndi masheya m'mafakitale amene amayendetsedwa ndi Kenya Tea Development Agency, ndipo tiyi woposa theka wa dzikolo amachokera kwa iwo. Mlimi wa kumeneko amalandira ndalama ya masamba mwezi ndi mwezi, kenako bonasi yochokera pa mtengo umene tiyi wouma wagulidwira. Kwathu kuno alimi ang'onoang'ono amatulutsa gawo lochepa la tiyi yense, ndipo ambiri amagulitsa masamba aawisi kufakitale imene si yawo. Masambawo sachedwa kuwonongeka, moti sungawasunge m'nkhokwe ngati chimanga kudikira kuti mtengo ukwere; ukathyola lero, uyenera kugulitsa lero kwa amene ali pafupi.

Tsopano za makina. Anyamatawo akunena zoona pang'ono, chifukwa makina othyolera amachepetsa ndalama imene esiteti imawononga pa kilogalamu iliyonse. Koma makina alibe maso a mayi amene wathyola tiyi zaka makumi awiri, amene zala zake zimangodziwa zokha kutenga masamba awiri anthete ndi kansonga. Amameta chilichonse, masamba okhwima ndi timitengo tomwe, ndipo tiyi wotere amatsika mtengo pamsika. Pamalo otsetsereka ngati a kwanu ku Thyolo makina akuluakulu sayendanso bwino. Ndiye pali nkhani ya ntchito: mu 2023 ku Kericho m'dziko la Kenya anthu okwiya anatentha makina othyolera tiyi chifukwa choona kuti akuwalanda chakudya pakamwa. M'maboma athu awiriwa, mmene malo ndi ochepa ndipo mabanja ambirimbiri amadalira malipiro a kuesiteti, munthu wolankhula za makina ayenera kunenanso kumene othyolawo adzapite.

Kuona kwanga n'kwakuti luso limene tikulisowa mwachangu si lothyolera ayi. Choyamba ndi magetsi odalirika, chifukwa masamba akakhala pamakina magetsi n'kuthima, jenereta ya dizilo imadya phindu lonse. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022. N'chifukwa chake magetsi opangidwa pa mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, monga Ruo, ali ofunika kwambiri ku mafakitale a m'derali. Kenako pali kuthirira, kumene kungatalikitse nyengo yothyola, ndi kuzula mitengo yakalekale n'kudzala mitundu yatsopano, ntchito imene ndi yodula chifukwa mtengo watsopano umatenga zaka zingapo usanayambe kubereka mokwanira. Zonsezi zimafuna ndalama zakunja zogulira mapampu, feteleza ndi zipangizo, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zimenezi inakwera nthawi yomweyo.

Nanga kupakira tokha m'mabokosi? N'zotheka, ndipo zinachitikapo kwina. Ku Sri Lanka, Merrill Fernando anayambitsa dzina la Dilmah mu 1988, n'kumapakira tiyi kwawo komweko m'malo momutumiza m'matumba, ndipo lero amagulitsidwa m'mayiko ambiri. Kunonso tili ndi tiyi wopakidwa m'dziko muno amene mumamuona m'magolosale, ndipo maesiteti ena akugulitsa tiyi wapadera wokonzedwa ndi manja pa mtengo wabwino kunja. Chovuta n'chakuti mapepala a timatumba, mabokosi ndi makina timaitanitsa kunja, ulendo wa kudoko ndi wautali, ndipo sitolo ya ku London siimapereka malo kwa dzina lachilendo mwaulere. Msika wapafupi, monga Zambia, Mozambique ndi South Africa kumene mphwanuyo anagula kabokosi kaja, ndi umene ungatheke msanga, makamaka poti mayikowa tili nawo limodzi mu SADC.

Inuyo panokha, bambo, pamsonkhano wotsatira wa bungwe lanu la alimi funsani kuti mtengo wa masamba amauwerengera bwanji kuchokera pa mtengo wa tiyi wouma, ndiponso ngati masamba anu ali ndi chiphaso cha Fairtrade, chimene chimachititsa ogula kulipira ndalama yoonjezera yothandizira alimi, ndalamayo inagwira ntchito yanji chaka chatha. Kabokosi kaja musakataye. Mupite nako kumsonkhanoko.