Kodi "opening" ya tchesi tiziti chiyani m'Chichewa?

Funso: Mwana wanga wapambana pa mpikisano wa tchesi kuno ku Joni, ndipo akuti anasewera Sicilian. Ndikufuna kulembera abale kumudzi. Kodi "opening" ndilembe kuti "kutsegula"? Ndine mayi wa ku Rosettenville.

Yankho: Zikomo mayi, ndipo mwanayo mumuyamikire. "Kutsegula" musiyire chitseko ndi botolo. Chimene mukufuna kunena ndi njira imene masewera ayambira, ndipo Chichewa chili kale ndi kapangidwe ka mawu otere: kuyenda kumabala kayendedwe, kuphika kumabala kaphikidwe. Choncho lembani "kayambidwe ka Sicilian". Musamale mgwirizano: ndi "kayambidwe kake kanali kabwino", osati "kayambidwe yake". Dzina loti Sicilian likhale momwemo, chifukwa likuchokera ku chilumba cha Sicily, cha ku Italy.

Mawu ena tibwereke ku bawo, amene agogo akumudzi amamudziwa bwino. Pa bawo timadya, pa tchesinso timadya, sitipha. Onani mmene kayambidweka kamayendera kawirikawiri: 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 (e4, c5 ndi ena otere ndi mayina a mabokosi a pa bolodi, N ndi hatchi, x ndi kudya, ndipo pa ulendo uliwonse amayamba ndi wa zoyera, kenaka wa zakuda). Pofotokoza munganene kuti, "Pa ulendo wachitatu msilikali wa pa c5 anadya wa pa d4, kenaka hatchi inabwezera n'kumudya nayenso." Phindu la wa zakuda lili pomwepo: wapereka msilikali wa chakumbali, n'kuchotsa wa pakati wa mnzake.

Mwaona kuti ndati "wa zakuda". Apa pandikhudza kwambiri. Mukangolemba kuti "wakuda anagonjetsa woyera", makamaka nkhani yochokera ku Johannesburg, owerenga aganiza za khungu la anthu. Kamawu koti "za" kakuloza zosewerera, 16 mbali iliyonse, ndiye musakasiye.

Zilembo za papepala lolembapo masewera musazisinthe. Mfumu, mfumukazi ndi msilikali onse akuyamba ndi M, ndipo mukati "kavalo" m'malo mwa hatchi, K wake alimbana ndi K amene amaimira mfumu. N akhale N, ngakhale pakamwa mukuti hatchi.

Kalembedwe ka dzina la masewerawa mwakhoza. Ndi "tchesi", monga tchalitchi ndi tchuthi, chifukwa liwu la "tch" limatuluka ndi mpweya. Ikani dzanja pafupi ndi pakamwa, munene "chala" kenaka "tchesi", mumva kusiyana kwake.