Kodi nyumba ya aluso ya ku Khlong Bang Luang ndi yongokonzera alendo?

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga. Mwati mwezi wamawa mukupita ku Bangkok kukaoda zovala za bizinesi yanu, mudzakhala ndi tsiku limodzi lopuma, ndipo mwaona zithunzi za nyumba ya aluso imene ili m'mphepete mwa ngalande ya Khlong Bang Luang. Ndiye mukufunsa kuti kodi malowo ndi achikhalidwe chenicheni, kapena angowakonza kuti azidyera alendo ndalama?

Pitani, musakayike. Za mayendedwe ndikuuzani kumapetoku. Koma funso lanulo landitokosa pa chilonda chakale, choncho mundilole ndiyambe ndanena za bambo anga.

Bambo anga anali wosema ziboliboli. Tinkakhala m'mbali mwa msewu wopita kunyanja, ndipo iwo ndi anzawo anali ndi chisakasa chaudzu pomwe ankayala njovu, mvuu, mabawo ndi mipando ija ya matabwa awiri olowetsana. Kukamacha, kasemasema amakhala atayamba kale kulira kuseri kwa nyumba. Ntchito yanga inali yokwecha ndi sandipepa, kenaka kupaka polishi mpaka mtengo uwale, zala n'kuda bii. Fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera pa chisakasa chimenecho, ngakhale yunifolomu ndi sopo.

Tsiku lina panaima galimoto. Munatuluka bambo wina wotchena bwino, Mmalawi mnzathu, ali ndi alendo ake akunja. Mmodzi mwa alendowo ananyamula chiboliboli cha mayi wosenza mtsuko, mwana ali kumbuyo, chimene bambo anachivutikira masabata ambiri. Anachikonda, zimachita kuonekeratu m'maso. Apo bambo wotchena uja anamuuza m'Chingerezi, poyesa kuti sitikumva, kuti zimenezi si zachikhalidwe ayi, n'zongopangira azungu, zenizeni zili kumudzi. Mlendo anachibweza pansi, n'kuwajambula bambo chithunzi osapempha, galimoto n'kunyamuka. Bambo anandifunsa kuti anthu aja amati chiyani. Ndinangoti ati chadula.

Mayi wa pa chiboliboliyo anali mayi anga. Kapendekedwe ka khosi, kagwiridwe ka mtsuko ndi dzanja limodzi, mfundo ya mbereko pachifuwa, zonse bambo anazitenga kwa mkazi wawo amene ankamuona tsiku ndi tsiku akuchokera kudambo. Ndiye wina angobwera, asanagwireko n'kasemasema komwe chibadwire, n'kugamula kuti ntchitoyo ndi yabodza chifukwa ikugulitsidwa kwa mlendo. Mpaka lero ndikamva munthu akufunsa za aluso kuti kodi zawozo n'zenizeni, mtima umandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti inu mwafunsa ndi mtima wabwino, simukufuna kutaya tsiku lanu lokhalo lopuma.

Ku Khlong Bang Luang ndinapitako nthawi imene ndinali ku Bangkok pa maphunziro a kuntchito. Ananditengera ndi mnzanga wa konko. Malowa ali kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Chao Phraya, mbali ya Thonburi, m'boma la Phasi Charoen. Ngalandeyi dzina lake lina ndi Khlong Bangkok Yai, ndipo mbiri yake inandizizwitsa. Kale imeneyi ndiyo inali njira ya mtsinje waukuluwo. M'zaka za m'ma 1500, mu ulamuliro wa mfumu Chairacha ya ku Ayutthaya, likulu lakale la Thailand, anakumba njira yachidule kuti mabwato asamazungulire pamene mtsinje unakhota. Madzi anathamangira njira yatsopanoyo, naikokolola mpaka kukhala mtsinje wotambalala umene lero ukudutsa pakati pa kachisi wa Wat Arun ndi nyumba yachifumu, ndipo njira yakale ija inachepa n'kusanduka ngalande. Asilikali a ku Burma atagwetsa Ayutthaya mu 1767, mfumu Taksin inaika likulu lake ku Thonburi, nduna ndi akuluakulu a boma n'kumanga nyumba zawo m'mbali mwa ngalande yomweyi. Mu 1782 mfumu Rama I inasamutsira likulu kutsidya linalo. Thonburi anatsala ndi minda ya zipatso, akachisi ndi nyumba zamatabwa zoimikidwa pa nsanamira m'madzi. Pambuyo pake misewu itabwera, malonda anachoka pamadzi kupita pamtunda, misika ya m'ngalande n'kuyamba kufa.

Nyumbayo amaitcha Baan Silapin, ndiye kuti nyumba ya aluso. Ndi yamatabwa, yosanja, ya zaka zoposa 100, ndipo kale inali ya banja lina la osula golide. Inatsala pang'ono kugwa, kufikira katswiri wina wa zojambulajambula, Chumpol Akkapantanon, ataigula ndi kuikonza pamodzi ndi anzake. Pabwalo pake paima chipilala chakale chachibuda chimene amati chedi, cha nthawi ya Ayutthaya, njerwa zake zakuda ndi ndere, ndipo nyumba inamangidwa mochizungulira. Pansi pali pomwera khofi ndi pogulitsa zithunzi ndi mapositikadi, pamwamba pali chipinda choonetsera zojambula. Pakhonde loyang'ana kumadzi pakhala ziboliboli za anthu, china chofiira china choyera, miyendo ikulendewera pamadzi. Kuti mufike pamenepo mumayenda pa kamlatho ka matabwa kodutsa pamakomo penipeni pa nyumba za anthu. Apa gogo akuonera wailesi yakanema chitseko chili pululu, apo zovala zayanikidwa, uko mayi akukazinga nthochi. Anthuwa amagona pomwepo, ana awo amapita kusukulu kuchokera pomwepo.

Chimene chinandigwira mtima ndi zidole zovina zimene amati hun lakhon lek. Chidole chimodzi amachivinitsa anthu atatu, onse atavala zakuda, ena ataphimba ndi nkhope zomwe. Wina wagwira msana ndi mkono umodzi, wina miyendo, wina mkono winawo. Ndiye sikuti amangochigwedeza ayi, iwonso amavina. Chidole chikatukula phazi, atatu onse atukula phazi, chikapotoza khosi iwonso apotoza, chifukwa aliyense wa iwo anayamba waphunzira gule wa zigoba wotchedwa khon, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2018. Nkhani zake amazitenga mu Ramakien, nthano yakale yaitali ya ku Thailand, ndipo amene ana amamukonda kwambiri ndi Hanuman, nyani woyera uja wankhondo ndi wanthabwala. Tinakhala pansi pa matabwa, nsapato tavula, chedi chili kumbuyo kwa ovinawo. Masewero atatha, Hanuman anatsikira kwa anthu, kuseweretsa ana, kupsompsona agogo patsaya, anthu n'kumamupatsa kangachepe.

Ine pamenepo maso anga anali pa manja a anyamata aja. Thukuta linali litanyowetsa malaya akudawo. Mmodzi, wamng'ono pa onse, anali wowerama nthawi yonse chifukwa ndiye wa kumiyendo, ndipo palibe amene ankamuyang'ana. Ndinakumbuka msana wa bambo.

Tsono mvetserani bwino, achemwali, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Luso la zidoleli linayambitsidwa ndi Krae Saptawanit cha m'ma 1901. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha linazilala, anthu atatembenukira ku mafilimu. Amene analidzutsa m'zaka za m'ma 1980 ndi Sakorn Yangkhiawsod, wodziwika ndi dzina loti Joe Louis, pamodzi ndi ana ake. Boma linamulemekeza mu 1996 monga mmodzi mwa akatswiri a dziko pa zaluso, ndipo gulu lake linapambana mphoto pa chikondwerero cha zidole ku Prague mu 2006. Kodi mukuganiza kuti linadzuka bwanji? Linadzuka chifukwa panapezeka anthu oonera ndi olipira, ndipo ambiri mwa iwo anali alendo. Popanda oonera, zidolezo zikanangofumbwa m'mabokosi.

Ndipo ndikunenetsa: palibe nthawi imene waluso ankadya mphepo. Ovina khon akale ankadya za kunyumba yachifumu. Ojambula zithunzi za m'makoma a akachisi ankalipidwa ndi nduna zolemera. Ramakien yemweyo anachokera ku Ramayana wa ku India, anthu a ku Thailand n'kumusandutsa wawo. Ndiye amene amafuna chikhalidwe chosakhudzidwa ndi ndalama kapena mlendo akufuna chinthu chimene sichinakhalepo. Kunena mosapsatira, ambiri amene amalankhula choncho amafuna kuti waluso akhale wosauka, wobisika kumudzi, kuti iwo akamupeza adzitame kuti atulukira chinthu. Waluso akangoika mtengo pa ntchito yake, ati waononga mwambo. Zimenezo ine ndimakana, ndipo ndidzakana mpaka kale.

Sindikunena kuti zachinyengo kulibe. Ziliko, ku Thailand ngakhale kwathu kuno. Kuli misika ya pamadzi komwe bwato lililonse ladzaza ndi tinjovu tofanana ndendende topangidwa kufakitale, wogulitsa sadziwa n'komwe kuti tinachokera kuti. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi ndikuwaona manja amene akupanga chinthucho? Ku Baan Silapin ndinawaona. Ndinaona munthu akupaka utoto pa chigoba, wina akujambula nkhope ya mlendo ndi pensulo, ana a konko atakhala pansi akupenta tizigoba tawo.

Amene anandinyansa ine ndi alendo ena. Maboti aatali aja a injini yaphokoso amabwera ali liwiro, mafunde n'kumamenya nsanamira za nyumba za eni ake. Anthu atsika, ajambulitsa pambali pa chiboliboli chofiira, aloza kamera m'nyumba ya gogo ngati muli nyama za ku zoo, akwera, apita. Sanagule ngakhale khofi. Akafika kwawo ndi omwewo okanena kuti malo aja ndi ongokonzera alendo. Pakhomo salipiritsa, ndiye mukuganiza kuti matabwa akawola amagula ndi chiyani? Madzi amadya nyumba zoterezi chaka ndi chaka, ndipo mu 2011 chigumula chachikulu chinamiza madera ambiri a Bangkok, mbali ya Thonburi yomwe.

Kunena za madzi, musadzadzidzimuke mukadzaona ng'anzi zikuluzikulu zikusambira kapena zikuothera dzuwa pa masitepe. Eni ake saziopa. Nsombanso ndi zambirimbiri, za mtundu wa milamba, zonenepa, chifukwa pafupi ndi kachisi anthu sazipha, amaziponyera chakudya ngati ntchito yachifundo. Mukaponya pang'ono madzi amachita kuwira.

Kunenerera

Inu ndi mayi wa bizinesi, kunenerera mumakudziwa. Ku Pratunam pooda zovala nenererani ndithu mpaka wogulitsa atuluke thukuta, kumeneko ndiye mwambo wake. Koma mukafika kwa munthu amene wajambula chithunzi ndi dzanja lake, chonde lipirani mtengo umene wanena, kapena thokozani n'kupitirira. Bambo anga ankatsitsidwa mpaka theka la mtengo ndi anthu amene madzulo ake akamwera ndalama yoposa pamenepo kuhotela. Ankavomera chifukwa fizi inali itayandikira.

Kafikidwe kake

Kwerani sitima ya MRT ya mzere wa buluu, mutsikire pa siteshoni ya Bang Phai. Pamenepo tengani wa kabaza wa njinga yamoto, aja ovala majekete a olenji, mumuuze kuti Baan Silapin kapena Wat Kamphaeng, yemwe ndi kachisi wapafupi. Pa takisi nenani Charan Sanitwong Soi 3, mukatsikire kumapeto kwa msewuwo n'kuoloka kamlatho wapansi. Tengani ndalama za konko, ma baht, zing'onozing'ono. Nsapato zikhale zosavuta kuvula, ndipo ngati mulowe m'kachisi valani zobisa mapewa ndi mawondo, chitenje chanu chikwanira. Munthu wamayi sakhudza mmonke wachibuda, ngakhale pomupatsira chinthu. Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza, pakati pa sabata kumakhala phee koma mashopu ena amatseka. Ine zidole ndinaonera 2 koloko masana, koma masiku ake amasinthasintha, choncho yambani mwaona pa tsamba lawo la Facebook musananyamuke. Nthawi ikatsalako, pitani ku kachisi wa Wat Paknam, kufupi komweko, mukaone chifanizo cha Buddha chotalika mamita 69.