Kwa amalume a ku Domue amene mwafunsa za mwana wofuna kukhala goloboyi

Amalume, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wa mlongo wanu ali ndi zaka 15, ndi wamtali kuposa anzake onse, amaima pagolo m'timu ya atsikana kusukulu kwawo, ndipo tsopano akuti moyo wake udzakhala wa mpira. Mukufunsa ngati mkazi angadye za pagolo, kapena mumuletse kusanade. Ambiri akuyankhani kale ndi mayina a Tabitha ndi Temwa Chawinga. Zoonadi ana amenewo achoka ku Rumphi n'kukafika kutali, koma iwowo ndi omwetsa zigoli. Njira ya goloboyi ndi ina. Ine ndinaimapo pagolo ndili mtsikana, chala changa chakumanja chinapindika mpaka lero chifukwa cha ntchito imeneyo, ndipo pano ndimaphunzitsa ana kuno ku Ulongwe. Choncho ndiloleni nditalikitseko.

Pagolo pamaima munthu mmodzi. Timu imasunga agoloboyi awiri kapena atatu, koma wosewera ndi mmodzi yekha, ndipo kochi sam'sinthasintha. Wapakati akapanda kuyamba nawo masewera amadziwa kuti mwina alowa m'chigawo chachiwiri. Goloboyi wachiwiri amatha chaka chathunthu pabenchi, magolovesi ali m'manja, koma Lolemba lililonse ayenera kudzuka kukadzigwetsa pansi pokonzekera ngati kuti Loweruka ndi lake. Andile Dlamini wa ku South Africa anatenga chikho cha Africa ndi Banyana Banyana mu 2022 ku Morocco, nasankhidwa kukhala goloboyi wopambana onse pa mpikisanowo. Chaka chotsatira, pa World Cup ya ku Australia ndi New Zealand, kochi Desiree Ellis anaika Kaylin Swart pa masewera onse anayi. Dlamini anangoonerera. Munthu amene Africa yonse inali itangomuwombera m'manja.

Nkhani imene ndimawauza ana anga kawirikawiri ndi ya anansi athu a ku Zambia. Mu Julayi 2022 Copper Queens anakumana ndi Senegal m'makotafainolo a chikho chomwecho cha ku Morocco, ndipo wopambana tsiku limenelo amapeza malo ku World Cup. Masewera anatha 1–1, anapita ku mapenate. Hazel Nali, goloboyi wawo, anatchinga penate imodzi, kenaka iye mwini anakatenga mpira, kuuika pamalo, n'kumenya penate yotsiriza. Unalowa. Dziko la Zambia linapita ku World Cup koyamba ndi phazi la goloboyi. Ndiye taonani: kutatsala masiku owerengeka kuti mpikisano wa 2023 uyambe, mtsempha wa m'bondo lake, umene madokotala amautcha ACL, unaduka. Mpikisano umene anautsegulira khomo yekha sanausewere. Anaima m'malo mwake ndi Catherine Musonda, koma iyeyo anapatsidwa khadi yofiira kumapeto kwenikweni kwa masewera oyamba ndi Japan. Apo ndiye anaitana Eunice Sakala, wachitatu, amene palibe ankaganiza kuti agwira mpira. Chinthu choyamba kukumana nacho chinali penate. Anaitchinga, oyimbira anati wachoka pamzere msanga, a Japan anabwereza n'kugoletsa. Masewera otsatira anayamba ndi iyeyo, maso ndi maso ndi Spain, timu imene inadzatenga chikhocho, ndipo anamwa zigoli zisanu. Ine ndikamakumbukira mtsikana ameneyo mtima umandiwawa, komanso ndimamulemekeza. Moyo wa goloboyi ndi umenewo: kudikira nthawi yaitali, kenaka kuitanidwa tsiku limene sunasankhe.

Za ndalama ndisakunamizeni. Pamwamba zilipo. Mu 2023 FIFA inalonjeza wosewera aliyense wa pa World Cup madola osachepera 30,000. Chiamaka Nnadozie wa ku Nigeria, amene bambo ake poyamba sankafuna n'kumva komwe za mpira, anachoka ku Rivers Angels kupita ku Paris FC mu 2020, anatchinga penate ya Christine Sinclair wa ku Canada pa World Cup ya 2023, bungwe la mpira mu Africa la CAF linamusankha kukhala goloboyi wabwino kwambiri mu Africa mu 2023 ndi 2024, ndipo mu 2025 anasamukira ku Brighton ku England. Ameneyo akudya za manja ake. Koma pansi pano matimu ambiri a amayi amangopereka ya thiransipoti ndi kachakudya, ena ngakhale zimenezo ayi. Ngakhale Mary Earps wa ku England, uja anatchinga penate ya Jenni Hermoso wa ku Spain mu fainolo ya World Cup ya 2023, anayamba akugwira timaganyu pambali ndipo anamaliza digiri yake pa yunivesite ya Loughborough. Ngati mwana wa ku England anagwira sukulu ndi manja awiri, wa ku Domue asaisiye ngakhale teremu imodzi. Mwayi wake ndi wakuti goloboyi amakhwima mochedwa. Ambiri amafika pachimake atadutsa zaka 27 kapena 28, ena amasewera mpaka kuyandikira 40. Kumaliza kalasi 12 sikumuchedwetsa ayi.

Njira yochokera kuno ndi yaitali koma siyotsekeka. Timu yathu ya amayi ya Mozambique inatenga malo achitatu pa chikho cha COSAFA, cha mayiko a kumwera kwa Africa, mu 2023, chaka chimene Scorchers ya Malawi inagonjetsa Zambia 2–1 mu fainolo. Vuto ndi lakuti maso a osankha osewera ali ku Maputo, kumene kuli matimu ngati Costa do Sol, makilomita opitirira 1,500 kuchokera mu mzinda wa Tete. Mwana wa m'boma lathu lino la Angónia amaonekera kudzera m'masewera a sukulu: adutse pa boma, alowe timu ya chigawo cha Tete, akaonedwe pa mpikisano wa dziko lonse. Ndiye mapepala ake akhale olongosoka, BI, chitupa chake cha unzika, ikhalepo, zaka zikhale zenizeni. Munthu akabwera n'kunena kuti m'chotsereni zaka ziwiri, kapena perekani ndalama ndim'pezere timu kunja, m'kaneni pomwepo. Malamulo a FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusamutsidwira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, monga makolo akasamuka pa zifukwa zawo zosakhudza mpira. Ndipo ulendo uliwonse wokagona kutali, mufunse kuti mayi wamkulu amene akupita ndi anawo ndani. Funso limeneli musachite nalo manyazi. Inu ndinu mwini mbumba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si ndalama, koma kuti kuno kulibe om'phunzitsa. Kochi amakhala mmodzi, amatanganidwa ndi osewera m'kati, ndipo goloboyi amangouzidwa kuti ima apo anzako akumenye mashoti. Kumeneko si kuphunzira. Golo la amayi n'lofanana ndi la abambo, mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika, mpira ndi womwewo. Kutalika kwa mwana wanuyo n'chuma, koma golo lotere silitsekedwa ndi msinkhu wokha. Limatsekedwa ndi mapazi: timasitepe tating'ono tofulumira, kudziwa poima mpira usanamenyedwe, kudziwa nthawi yotuluka ndi yotsala pamzere. Aphunzirenso kugwa. Mabwalo athu m'chilimwe amauma gwa ngati njerwa yootcha, ndipo mwana wosaphunzitsidwa amagwera chigongono kapena chamimba, mwezi usanathe wayamba kuuopa mpira. Agwere chammbali, mwendo uyambe kufika pansi, kenaka chiuno ndi phewa, mpira uli patsogolo pa nkhope. Ife timayambira pamchenga wa kumtsinje kapena pa utuchi, atagwada, kenaka atanjuta, kenaka ataimirira. Azisewerakonso m'kati ndi anzake, chifukwa kuyambira 1992 goloboyi saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wam'bwezera dala ndi phazi, ndipo kuyambira 2025 akaufumbata kupitirira masekondi 8 oyimbira amapereka kona kwa adani.

Pali chinanso chimene anthu sachitchula. Ife ana aakazi timaleredwa kuti tisakweze mawu, tiyang'ane pansi, tiyankhe mwaulemu. Ulemu umenewo ndi wabwino pakhomo. Pagolo umamwetsa zigoli. Goloboyi ndiye yekha amaona bwalo lonse, ayenera kukuwa, kukankha otchinga kumbuyo ndi mawu, kunena kuti "wanga!" mpaka wa kumsika amve, ngakhale amene akumulamulayo ndi wamkulu kwa iye. Ndakhala ndi atsikana a manja abwino zedi amene zinawatengera chaka kuti atulutse liwu. Mukadzamumva akukalipa m'bwalo, musadzati mwana wayamba mwano. Adzakhala kuti wayamba kuidziwa ntchito.

Wina mwa amene akuyankhani walemba kuti kudzigwetsa pansi kumatseka mkazi kubereka. Si zoona. Almuth Schult, goloboyi wa ku Germany, anabereka mapasa mu 2020 n'kubwereranso pagolo, ndipo kuyambira 2021 FIFA inalamula kuti wosewera wolembedwa ntchito azipatsidwa masabata osachepera 14 a tchuthi cha uchembere akulandirabe gawo la malipiro. Choopsa chenicheni ndi bondo, monga zinam'chitikira Nali. Mtsempha uja umaduka kawirikawiri kwa akazi kuposa amuna, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi 9 mpaka chaka. Azitenthetsa thupi mokwanira, makamaka m'mawa wa Juni kuno kwathu kozizira, azilimbitsa ntchafu ndi chiuno, ndipo bondo likatupa apite kuchipatala, osangolithowa ndi madzi otentha n'kubwerera m'bwalo.

Maganizo anga ndi akuti musamuletse. Mugwirizane naye pamaso pa mayi ake kuti mpira ndi sukulu ziyendera limodzi. Kenaka Loweruka likubwerali pitani mukamuonere, ndipo musakakhale kumene kwadzaza anthu, mukaime kuseri kwa golo lake. Mukaone zimene achite akangomwetsedwa chigoli, anthu akumuloza chala pomwe olakwitsa anali anayi kutsogolo kwake. Ngati atola mpira muukonde, kuuponya pakati, n'kuyamba kuitana anzake mayina kuti abwerere m'malo, mukagulitsa mbatatesi chaka chino m'gulireni magolovesi. Saizi yake ikhale yosiya kampata pang'ono kunsonga kwa zala, ndipo aziwachapa ndi madzi okha, n'kuwayanika pamthunzi.