Kodi tipake simenti pa buloko yakale ya sukulu yathu?

FUNSO: Pasukulu pathu pali buloko ya njerwa zowotcha yomangidwa nthawi ya amishoni. Njerwa za m'munsi zikufumbutuka. Komiti ikufuna kupaka pulasitala wa simenti ndi kugwetsa khonde. Kodi tichite zimenezi? Kholo, Mangochi.

YANKHO: Chonde musatero. Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, ndipo nyumba zakale za kuno, kuphatikizapo za amishoni a mpingo wa Anglican (UMCA) ku Mpondas ndi ku Malindi, zinamangidwa ndi njerwa zofewa zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu.

Khoma lotere limakoka chinyezi kuchokera pansi, makamaka pafupi ndi Shire pomwe madzi sali patali, n'kuchitulutsa kudzera m'mizere ya laimu ya pakati pa njerwa. Simenti imatseka njira imeneyi. Chinyezi chimakwera m'mwamba, mchere n'kuunjikana mkati mwa njerwa, ndipo tsiku lina pulasitala amasendeka atanyamula nkhope ya njerwayo. Ufa woyera womwe umaoneka pakhoma lotere ndi mchere umenewo.

Yambani ndi madzi. Sinthani malata obooka, chotsani dothi lomwe launjikana pamaziko, ndipo kumbani ngalande yoti madzi a mvula azithawira kutali. Kenako mmisiri akolope mizere yowonongeka ndi chitsulo chamanja, kuya pafupifupi masentimita 2, anyowetse khoma, n'kudzazamo laimu gawo 1 posakaniza ndi mchenga wosefa magawo 3. Aphimbe ndi masaka onyowa kwa sabata, chifukwa dzuwa la kuno likaumitsa laimu msanga amang'aluka. Njerwa yofumbutukiratu ichotsedwe imodziimodzi, osati mzere wonse nthawi imodzi. Kumwamba gogodani matabwa a denga; thabwa lolira ngati mulibe kanthu mkati ladyedwa ndi chiswe.

Za khonde ndiye zikutidetsa nkhawa kwambiri. Silinaikidwe mongokongoletsa ayi. Limatchinga mvula kuti isamenye khoma, ndipo pamodzi ndi denga lalitali ndi mazenera oyang'anizana, ndilo limathandiza ana kuphunzira mu Okutobala osawomba thukuta kwambiri. Mukaligwetsa, kalasi itentha ndipo khoma linyowa kuposa kale.

Musanagwire ntchito, jambulani zithunzi mbali zonse, ndipo mudziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Mungayambire ku Lake Malawi Museum paboma pomwepo. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kugwetsa kapena kusintha nyumba yotetezedwa popanda chilolezo.