Kodi Katy Perry anapita kuti?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti kale tsiku silinkatha osamva Katy Perry pa wailesi, koma masiku ano kuli zii. Ndiye akufunsa ngati anasiya kuimba kapena mawu ndiwo anamuthera.

Mayi, sanasiye, ndipo mawu akadali nawo. Zimene zinasintha ndi makutu a anthu komanso njira yowerengera kutchuka kwa nyimbo.

Mu 2010 anatulutsa chimbale cha Teenage Dream, ndipo nyimbo zisanu za m'chimbalecho zinafika pa nambala wani pa Billboard Hot 100, ndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America. Izi anali atazichitapo Michael Jackson yekha ndi chimbale cha Bad. Nthawi imeneyo mphamvu zinali m'manja mwa mawailesi ndi iTunes, sitolo yogulitsa nyimbo pa intaneti. Wailesi ikaikonda nyimbo, inkaibwereza m'mawa, masana ndi usiku mpaka ikukhazikikeni m'mutu, kenako mukaigule. Nyimbo za Katy zinali zosokedwa ndendende pa muyezo umenewu: ng'oma yamphamvu, kolasi yofika msanga, mawu oti ngakhale mwana wa sitandade 3 aloweza.

Kenako Billboard inayamba kuwerengera kwambiri nyimbo zomvera pa intaneti, ndipo mu 2013 inawonjezera YouTube. Apa womvera anayamba kudzisankhira yekha, chala chili pa foni, nyimbo ikamutopetsa n'kudumphira ina. Pa Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti, nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa pokhapokha itadutsa masekondi 30. Achinyamata atapatsidwa ufulu umenewu anathamangira hip-hop, moti mu 2017 hip-hop ndi R&B zinaposa rock pa nyimbo zomveredwa kwambiri ku America. Ndi chaka chomwecho chimene Katy anatulutsa Witness, chimbale chimene sichinabale nambala wani ngakhale imodzi pa Hot 100. Pofika 2019, pamwamba panali Billie Eilish, mtsikana woimba monong'ona ngati akuopa kudzutsa anthu m'nyumba.

Koma tisanamizire intaneti zonse. Mu 2024, Sabrina Carpenter ndi Chappell Roan anawanda ndi pop yosangalatsa, yovinika, yofanana ndi ija inamukweza Katy. Msika unalipo. Katy anabwera ndi nyimbo ya Woman's World, imene inangofika pa nambala 63 n'kutsika. Ine nditaimva ndinaona ngati inajambulidwa mu 2011 n'kuiwalika m'kabati. Chinanso chimene chinakwiyitsa anthu n'chakuti nyimbo yolimbikitsa amayi anaipanga ndi Dr. Luke, wojambula nyimbo yemwe anakhala zaka zambiri akukokanakokana m'khoti ndi woimba wamkazi Kesha, nkhani imene anagwirizana zoithetsa mu 2023. Pamenepa, kwa ine, anadzitchera yekha msampha.

Palinso nkhani ya msinkhu, imene ambiri safuna kuitchula. Mawailesi a pop amasaka achinyamata, ndipo woimba wamkazi akapitirira zaka 35 amayamba kumuika pambali msanga kuposa mwamuna. Katy anabadwa mu 1984.

Musamumvere chisoni kwambiri, mayi. Anakhala woweruza pa mpikisano woimba wa pa TV wa American Idol kuyambira 2018 mpaka 2024, anachita zoimbaimba ku Las Vegas kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo mu 2023 anagulitsa umwini wa nyimbo zake ku kampani ya Litmus Music pa mtengo umene unamveka kuti ndi madola 225 miliyoni.