Kwa achemwali amene mukuopa kukazulitsa dzino lakumapeto lija

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a zaka 24. Akuti dzino lawo lakumapeto kwenikweni, lija madokotala amati wisdom tooth, latupitsa nkhama kachitatu chaka chino, kuchipatala awauza kuti lizulidwe koma iwo akuopa, ndiye akufunsa ngati angamangomwa amoxicillin likayamba, komanso kuti akazulitsa akhala masiku angati osapita kuntchito. Ndinawerenga ndili m'minibasi ndipo ndinangozindikira dzanja lili pa tsaya lakumanzere, pomwe panali langa.

Langa linayamba ndili ndi zaka 22, lapansi. Mano amenewa amakhala anayi, ndi amene amakwanitsa 32 aja a munthu wamkulu, ndipo nthawi zambiri amatuluka pakati pa zaka 17 ndi 25, anzawo onse atatenga kale malo. Ndiye langa linasowa podutsa, linangotuluka theka, lopendekeka, kankhama kataliphimba pamwamba ngati kachivundikiro. Pansi pa kankhama kameneko ndi pomwe zakudya zimakabisala, mswachi sufikapo olo mutsuke bwanji, kenako pamatupa, pamanunkha, mafinya. Ine ndinkangopita ku famase, makapisozi masiku atatu, ululu ukatsika ndasiya. Zaka ziwiri zathunthu ndikuchita zimenezo.

Ndipo malangizo sanasowe. Amalume anati ndidonthezepo madzi a batire, mwamwayi ndinakana, ndi asidi amene uja, amawotcha nyama. Mnzanga wa ku hositelo anandiperera aspirin n'kundipaka pa nkhama, m'mawa ndinadzuka pali chilonda choyera, aspirin ndi womeza, sikuti woika padzino ayi. Azakhali ndi amene anandiopseza kwambiri, akuti ukazulitsa dzino lakumbuyo maso amachita khungu, ndipo ankanena ndi mtima wonse chifukwa amandikonda. Si zoona achemwali, misempha ya maso ndi ya mano ndi yosiyana, koma mawu amenewo anandichedwetsa mwina chaka chathunthu, n'chifukwa chake imelo yanu yandikhudza chonchi.

Dzinolo linandigwetsa mu Disembala, mvula ili mkati. Ndinadzuka tsaya lili ngati ndabisamo mango, kukamwa kukutseguka pongolowa chala chimodzi basi, mbamu ya nsima osalowa, thupi kutentha. Ndinakaima pa mzere kuchipatala 5 koloko m'mawa ndikulira mwakachetechete, ndikuti lero lomwe alichotse. Sanalichotse tsiku limenelo. Adokotala anati pakamwa posatseguka sangagwire ntchito bwino, komanso jakisoni wa dzanzi sagwira mokwanira pamalo potupa chonchija, ndiye anandipatsa mankhwala, X-ray, ndibwerenso pakatha sabata. Pa X-ray paja ndi pomwe mtima unandiwawa. Dzino loyandikana nalo, labwinobwino lomwe ndinkatafunira, linali litabooka kumbuyo kwake pomwe linzakelo linkatsamira. Anayesa kulimata koma patatha chaka nalonso linazulidwa. Ndinataya mano awiri pomwe ndikanataya limodzi, ndipo mpaka lero chimanga chootcha ndimatafunira mbali imodzi.

Kuzula kwenikweniko, komwe ndinkathawa zaka ziwiri, kunatenga mphindi ngati 40. Jakisoni amaluma pang'ono, kenako mlomo ndi theka la lilime zimachita dzanzi. Umamva kukankha, umamva phokoso m'mutu, langa anachita kulidula tizidutswa chifukwa linagona chammbali, n'kusoka ndi ulusi. Koma kuwawa ayi. Ndikubwerezanso, sizinawawe, ndipo mukamva kuwawa mumakweza dzanja amawonjezera jakisoni.

Pano ndinene zomwe zimandipweteka mtima. Ife dzino sitiliwerengera ngati matenda. Munthu akati malungo tonse timati thamangani kuchipatala, akati dzino timati limba mtima lisiya lokha, abwana kuntchito amakuyang'ana ngati ukunamizira. Pomwe kutupa kwa dzino lapansi kukhoza kutsikira kunsi kwa chibwano mpaka kukhosi munthu n'kulephera kupuma, anthu amagonekedwa nazo, ena amamwalira. Ndipo madokotala a mano kwathu kuno ndi ochepa, sukulu yawo inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi KUHeS, kale ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. M'zipatala za m'maboma amene asenza mtolowu ndi ma dental therapist, othandiza odwala mano, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ine ndimawapatsa ulemu anthu amenewa, mzere amauona m'mawa uja si wamasewera. Ndiye ngati inu mwafika kale pamaso pa dokotala, wakuonani, wakuuzani chochita, mwadutsa pomwe ambiri amalephera kufika. Musabwerere m'mbuyo kukagula makapisozi. Amoxicillin amangozimitsa moto kwa kanthawi, kachivundikiro kaja kali pomwepo, ndipo kumwa modukizadukiza ngati momwe ndinkachitira ine ndi komwe kumapangitsa kuti mankhwalawa adzasiye kugwira tsiku lomwe mukuwafunadi.

Sindikunena kuti aliyense akazulitse, ayi. Dzino lakumapeto lomwe latuluka bwino kapena langokhala phee osavuta limasiyidwa, ku Britain bungwe loona za umoyo la NICE linalangiza zimenezi kuyambira 2000. Koma lotupitsa nkhama katatu pa chaka si lokhala phee limenelo.

Cholakwa changa chachiwiri chinali kunyumba nditazulitsa. Pa bowo paja pamaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo chotchinga cha fupa mpaka nyama imere. Ine kukoma kwa magazi m'kamwa kunkandinyansa, ndiye madzulo omwewo ndinachukucha mwamphamvu, kulavula pafupipafupi, mawa lake n'kumwa maheu ndi straw poganiza kuti ndikusamala bala. Tsiku lachitatu ululu unabwera woposa wa dzino lija, wobaya mpaka m'khutu, fungo loipa, Panado osathandiza olo pang'ono. Amati dry socket, magazi aja achoka fupa lili pamtunda. Ndinabwerera kuchipatala, anatsukapo n'kuikapo kamankhwala konunkhira ma clove, pasanathe ola ndinagona tulo koyamba. Amayi anga anakhala nane sabata yonseyo akundiphikira phala lamadzimadzi, kulipoletsa kaye, mbatata yopota, nthochi, mazira, ndipo sindidzaiwala momwe ankandiyang'anira ndikamameza.

Tsopano funso lanu

Pitani mukazulitse, ndipo pemphani X-ray kaye, chifukwa mizu ya dzino lapansi imatha kuyandikira msempha wa mlomo, dzanzi limatha kukhalitsa masabata, mwa apo ndi apo osatheratu, adokotala akuuzeni za lanulo asanayambe. Muwauze ngati muli oyembekezera, muli ndi shuga, BP kapena mukumwa mankhwala ena alionse. Likakhala lovuta amatumiza ku chipatala chachikulu ngati Queens kapena Kamuzu Central. Idyani musanapite, mutenge wokuperekezani.

Mukazulitsa lumani kathonje komwe akuikireni pabalapo mphindi 30, tsiku loyamba osachukucha, osalavulalavula, osamwa zotentha, straw ayi, fodya ndi mowa ayi. Pakatha maola 24 yambani madzi ofunda amchere, theka la kasupuni m'kapu, pang'onopang'ono mukatha kudya. Mano enawo tsukani monga mwa nthawi zonse. Kutupa kumakula tsiku lachiwiri ndi lachitatu kenako kumatsika, musadabwe. Kuntchito pemphani masiku atatu, ngati ndi yonyamula zolemera onjezerani, ine nsima yofewa ndinayamba tsiku lachisanu ndi chimodzi. Magazi akakana kusiya, thupi likatentha, ululu ukamakwera m'malo motsika, kapena mukavutika kumeza ndi kupuma, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo olo usiku.

Mundilembere tsiku lomwe akupatsani, achemwali, ndipo tsiku lachitatu mutazulitsa mundilemberenso mundiuze momwe tsaya lilili.